Diso Likasowa Mpweya Limaitana Ndani?

Nkhaniyi ndi yanu ana nonse a ku Senga Bay, ku Chipoka, ku Lifuwu ndi midzi yonse ya m'mphepete mwa nyanja ku Salima. Lero tiyambe ndi kamasewera. Tsiku lopanda mitambo pitani pamchenga, fulatirani dzuwa, muyang'ane kumwamba kumene kuli buluu yekhayekha. Dzuwa lenilenilo musaliyang'ane ngakhale pang'ono, chifukwa limawotcha m'kati mwa diso. Khalani phee, maso ali pamalo amodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Posakhalitsa ambiri mwa inu mudzaona timadontho towala, tating'onoting'ono, tikuthamanga mokhotakhota kenaka n'kuzimirira.

Timadontho timeneto sitili kumwamba ayi. Tili m'maso mwanu momwemo. Ndi maselo oyera a m'magazi, aja timawatchula kuti asilikali a m'thupi, akudutsa m'timitsempha ta kuseri kwa diso. Maselo ofiira amatchinga kuwala kwa buluu, koma oyera amakulola kudutsa, n'chifukwa chake selo loyera likamapita mumaona kadontho kowala. Dokotala wa maso wa ku Germany, Richard Scheerer, analemba za zimenezi mu 1924. Asilikali amenewa muwakumbukire, chifukwa nkhani yathu iwafuna kutsogoloku.

Kodi kuseri kwa diso kuli chiyani?

Kuwala kumalowa m'diso kudzera pa kabowo kakuda kapakati kaja, kumadutsa m'madzi olimbirapo ngati phala lowonekera amene amadzaza diso, n'kukagwera pa kachikopa kopyapyala kamene kanayalidwa kumbuyo kwenikweni. Kachikopa kameneka madokotala amakatchula kuti retina. Kuchindikala kwake sikukwana ngakhale theka la milimita, koma muli maselo omva kuwala pafupifupi 100 miliyoni. Ena mwa iwo amagwira ntchito kukakhala mdima. Ndi amene amathandiza msodzi wa usipa kuzindikira bwato la mnzake usiku pakati pa nyanja. Ena amagwira ntchito masana, ndipo ndi amene amakuuzani kuti chitenje ichi n'chofiira, icho n'chachikasu.

Pakati pa retina pali kamalo kofunika kwambiri kotchedwa macula, kotalika pafupifupi mamilimita 5. Mukamawerenga tsamba lino, mukugwiritsa ntchito kamalo kameneka. Amayi akamalowetsa ulusi mu singano, agogo akamasoka ukonde wong'ambika, kapena inu mukamazindikira nkhope ya mnzanu akuchokera kutali, ndi macula amene akugwira ntchito. Zonse zimene retina yamva imazitumiza ku ubongo kudzera mu mtsempha umodzi waukulu, ndipo ubongo ndi umene umati, "Uyo ndi Chikondi akubwera apoyo."

Ntchito yotereyi imadya mphamvu zambiri. Retina ili m'gulu la ziwalo zimene zimagwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni wochuluka kwambiri poyerekeza ndi kuchepa kwake. Chodabwitsa n'chakuti mumdima imafuna mpweya wambiri kuposa powala. Mpweyawo umabwera ndi magazi, kudzera m'timitsempha topapatiza kwambiri moti maselo ofiira amadutsamo limodzilimodzi, mondondozana.

Makoma a timitsemphati anamangidwa mosamala. M'kati mwake muli maselo ogwirana zolimba, osasiya mpata woti madzi a m'magazi atulukire. Kunja kwake kuli maselo ena amene amakumbatira kamtsempha kuti kasafooke. Thupi limachita kuteteza chotere chifukwa retina imayenera kukhala yosanyowa mopitirira, yosalala, kuti chithunzi chizioneka bwino.

VEGF ndi chiyani?

Selo lililonse m'thupi limadziwa mpweya ukayamba kuchepa. Asayansi atatu, William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza, analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa chotulukira mmene maselo amadziwira zimenezi. Mpweya ukachepa, selo limayamba kupanga puloteni yaing'ono n'kuitulutsa kunja. Puloteni imeneyi dzina lake lachidule ndi VEGF. Ntchito yake ndi kupereka uthenga ku mitsempha ya magazi imene ili pafupi: "Kuno mpweya wachepa, bwerani ndi magazi."

Uthengawo ukafika, maselo a m'khoma la mtsempha amachita zinthu ziwiri. Choyamba, amamasula kugwirana kwawo, khoma limakhala ndi timipata. Chachiwiri, amayamba kuchulukana ndi kuphuka, n'kupanga timitsempha tatsopano tolowera kumene uthenga wachokera.

VEGF si mdani wathu. Pamene munali m'mimba mwa amayi anu, ndiyo inathandiza kuti mitsempha yanu yonse imere, kuyambira kumutu mpaka kuzala zakumapazi. Mukadzicheka ndi mwala kunyanja, ndiyo imathandiza kuti magazi afike pa bala ndipo lipole. Popanda iyo palibe mwana amene angabadwe. Vuto limayamba pamene uthengawo ukupitirira kuperekedwa osaleka, miyezi ndi zaka, pamalo osafuna kunyowa ngati retina.

Anaitulukira ndani?

Mu 1948 dokotala wa maso Isaac Michaelson anaganiza kuti retina yosowa mpweya iyenera kuti imatulutsa chinthu china choitana mitsempha. Chinthucho sanathe kuchigwira, moti kwa zaka zambiri anthu ankangochitchula kuti X. Mu 1983, ku Boston, Donald Senger ndi Harold Dvorak anapeza puloteni yochokera m'zotupa za khansa imene inkachititsa mitsempha kudontha madzi. Mu 1989 Napoleone Ferrara, wasayansi wa ku Italy amene ankagwira ntchito ku California, anapeza puloteni yomeretsa mitsempha ndipo anaitcha VEGF. Atayerekeza, anaona kuti yodonthetsa ija ndi yomeretsayi ndi puloteni imodzi yomweyo. Kenaka mu 1994 Lloyd Paul Aiello ndi anzake anayeza madzi a m'maso mwa anthu amene retina yawo inawonongeka ndi matenda a shuga, ndipo anapezamo VEGF yochuluka. Kuchokera pa ganizo la Michaelson kufika pamenepo panadutsa zaka 46.

Nanga shuga akulowapo bwanji?

Mwina kwanu kuli agogo, amalume kapena azakhali amene amadwala matenda a shuga. Munthu wotere thupi lake limalephera kugwiritsa ntchito bwino shuga wochokera m'zakudya, ndiye shugayo amachuluka m'magazi. Pali ana enanso amene amadwala matendawa ndipo amabaya jakisoni wa insulin tsiku ndi tsiku. Iwowa sanalakwe chilichonse, ndipo matendawa sapatsirana, choncho si oyenera kusekedwa kapena kuthawidwa.

Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri, timitsempha ta mu retina timayamba kutopa. Maselo okumbatira aja amafa limodzilimodzi. Khoma limafooka, pena limatupa ngati kachibaluni, pena kamtsempha kamatsekeka. Kamtsempha kakatsekeka, maselo onse amene amadalira iko amasowa mpweya, ndipo mukudziwa kale chimene amachita: amatulutsa VEGF.

Ana a ku Lifuwu amadziwa ngalande zimene zimapititsa madzi m'minda ya mpunga. Taganizani ngalande imodzi yatsekeka ndi matope, mpunga wa kumapeto wayamba kufota. Mwini munda wakuwa, anthu athamanga ndi makasu, ndipo mwaphuma agumula makoma a ngalande zabwinobwino n'kukumba tinjira tatsopano paliponse. Madzi atuluka ndithu, koma asefukira m'njira ndi m'mabwalo, pamene mpunga wofota uja sunalandirebe kanthu. Mwini munda akupitiriza kukuwa, anthu akupitiriza kugumula. Zimene VEGF imachita m'diso la munthu wodwala shuga n'zofanana ndi zimenezi.

Mmene kutupa kumayambira

Mbola ya njuchi ikakubayani, pamalopo pamafiira, pamatentha, pamatupa. Kumeneko ndi kudziteteza kwa thupi: mitsempha imatsegula timipata, madzi amatuluka, asilikali a m'thupi amathamangirako. Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti vuto la shuga m'maso ndi la mitsempha yokha. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Anthony Adamis ndi anzake ku Boston, poyesa pa makoswe a mu labotale, anaonetsa kuti mu retina mumakhalanso kutupa kwa mtundu womwewu, kungoti kumachitika mwakachetechete komanso kwa nthawi yaitali. Anaonetsanso kuti VEGF ndi imodzi mwa zinthu zimene zimakuyambitsa.

Zimayenda motere. VEGF ikafika pa khoma la kamtsempha, maselo a pakhomapo amatulutsa puloteni ina yomata yotchedwa ICAM-1, n'kuiika m'kati, mbali imene magazi amadutsa. Asilikali aja munawaona akuthamanga kumwamba kwa buluu, akafika pamenepo amakodwa. M'malo modutsa, amamatirira pakhoma. Selo loyera ndi lalikulu kuposa lofiira, choncho likaima m'kamtsempha kopapatiza, njira yonse imatsekeka.

Msilikali wokodwayo sakhala chete. Iye anapangidwa kuti azimenyana ndi tizilombo, ndiye amatulutsa mankhwala ake aukali ngakhale kuti palibe kachilombo kalikonse. Mankhwalawo amavulaza maselo a pakhoma, ena mpaka kufa. Amaitananso asilikali ena. Nawo maselo olondera amene amakhala mu retina momwemo amadzuka n'kuyamba kutulutsa mankhwala awo. Pamene izi zikuchitika, VEGF ikupitiriza kumasula kugwirana kwa maselo a pakhoma, ndipo madzi, mafuta ndi timagazi zikudonthera mu retina.

Tsopano onani mmene zinthu zikuzungulirira. Kamtsempha katsekeka, mpweya wachepa. Mpweya wachepa, VEGF yachuluka. VEGF yachuluka, asilikali akodwa. Asilikali akodwa, timitsempha tina tatsekeka. Ndipo mpweya wachepanso kuposa kale. Chimene chinabwera kudzathandiza ndi chomwe chikukulitsa vuto.

Madzi odontha aja akafika pa macula, kamalo kaja kamatupa. Agogo amayamba kunena kuti zilembo za m'Baibulo kapena za pa foni zikuoneka zosokonekera, mzere wowongoka ukuoneka wokhota, nkhope za adzukulu zikuoneka ngati pali nkhungu. Matenda akapitirira, timitsempha tatsopano timamera pamwamba pa retina. Timeneti ndi tofooka, sitichedwa kuphulika. Tikaphulika, magazi amalowa m'madzi a m'diso ndipo munthu amaona timizere takuda tikuyandama, kapena mdima wadzidzidzi. Pamapeto pake zipsera zimatha kukoka retina n'kuimatula pamalo pake, ndipo munthu amachita khungu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchigwire zolimba. Retina ilibe mitsempha yomva ululu. Zonsezi zimatha kuchitika kwa zaka, diso osapweteka, osafiira, osatulutsa manthongo, munthu akuonabe bwinobwino. Pamene wayamba kuona nkhungu, matenda amakhala atapita kale patali.

Kodi izi zilipo kuno kwathu?

Zilipo ndithu. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi, pafupifupi 6 anali ndi matenda a shuga. Patapita zaka zochepa, dokotala Philip Burgess ndi anzake anayeza maso a anthu odwala shuga amene ankalandira chithandizo ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Zomba Central. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2014, zinaonetsa kuti theka la anthuwo linali kale ndi vuto mu retina, ndipo pafupifupi atatu mwa 10 alionse anali pa chiopsezo chotaya kuona.

Malawi waphunzitsanso dziko lonse chinthu china chokhudza retina, ndipo chimenechi chikukhudza ana ngati inu. Kunyanja kuno udzudzu ndi wambiri, malungo mumawadziwa. Malungo akakula kwambiri amafika ku ubongo, mwana n'kukomoka. Ku Queen Elizabeth, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kufufuza za ana otere m'zaka za m'ma 1980. Dokotala wa maso Susan Lewallen anayamba kusuzumira m'maso mwa anawo, ndipo mu 1993 analemba zimene anaona. Mu retina ya mwana wodwala malungo a mu ubongo mumaoneka timadontho ta magazi, timadera toyera, ndi timitsempha tosintha mtundu.

Chifukwa chake n'chakuti maselo ofiira amene alowedwa ndi kachilombo ka malungo amamatirira pa makoma a timitsempha, ndipo imodzi mwa mapuloteni amene amagwirirapo ndi ICAM-1 yomwe ija. Timitsempha timatsekeka, mpweya umachepa. Zimene zikuchitika m'diso ndi zimene zikuchitikanso mu ubongo, pakuti retina imaphuka kuchokera ku ubongo mwana akamaumbika m'mimba. Lero madokotala m'mayiko ambiri amayang'ana m'diso pofuna kutsimikiza ngati mwana wokomoka wakomoka ndi malungo kapena ndi matenda ena. Nkhani yabwino ndi yakuti mwana akachira, zizindikiro za m'disozo nthawi zambiri zimatha.

Dokotala amaona bwanji kuseri kwa diso?

Mu 1851 Hermann von Helmholtz wa ku Germany anapanga kachipangizo kowalitsa m'diso n'kulola dokotala kusuzumiramo. Mpaka lero kachipangizo ka mtundu umenewu kakugwira ntchito, pamodzi ndi makamera ojambula retina. Asanayeze, dokotala amadontheza mankhwala m'maso kuti kabowo kakuda kaja kakule. Mankhwalawo amaluma pang'ono kwa kanthawi kochepa. Kenaka kwa maola angapo munthu amaona mwachimbuuzi ndipo dzuwa limamuthobwa m'maso, n'chifukwa chake ndi bwino kuti agogo apite ndi wowaperekeza. Kuyezako sikupweteka. Diso ndi amodzi mwa malo ochepa m'thupi pamene dokotala amatha kuona timitsempha ta magazi mwachindunji popanda kung'amba khungu.

Pali mankhwala?

Alipo. Njira yakale ndi ya kuwala kwamphamvu kotchedwa leza. Dokotala amawotcha timadontho tating'onoting'ono m'mbali mwa retina, m'madera amene akusowa mpweya. Maderawo akaleka kutulutsa VEGF, timitsempha tofooka tija timafota, ndipo pakati pofunika paja pamapulumuka.

Njira yatsopano inabwera chifukwa cha ntchito ya Ferrara ndi anzake. Iwo anapanga mankhwala amene amagwira VEGF n'kuimanga isanafike pa khoma la mtsempha. Mankhwala otchedwa Avastin anavomerezedwa ku America mu 2004 pochiza khansa ya m'matumbo. Mu 2005 dokotala Philip Rosenfeld wa ku Miami anayesa kubaya kadontho ka mankhwalawa m'diso, ndipo kutupa kunaphwa. Mu 2006 kunabwera ena opangidwira diso lenileni otchedwa Lucentis. Jakisoni wa m'diso amamveka woopsa, koma dokotala amayamba wadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, singano yake ndi yopyapyala kwambiri, ndipo imalowa pa mbali yoyera ya diso. Mphamvu ya mankhwalawa imatha pakapita milungu, choncho wodwala amabwereranso kangapo. Anthu ena amene jakisoniyu sakuwathandiza mokwanira amapatsidwa mankhwala oziziritsa kutupa kwenikweniko, umene ndi umboni wina wakuti asilikali a m'thupi ali nayo mbali pa matendawa.

Koma palibe mankhwala amene amadzutsa maselo omva kuwala amene afa kale. Leza ndi jakisoni zimateteza zimene zatsala. Wofika msanga ndiye amapulumutsa zambiri.

Inu mungachitepo chiyani?

Ngati kwanu kuli wodwala shuga, afunseni mwaulemu kuti, "Agogo, kodi chaka chino anakuyezani kuseri kwa maso?" Akati, "Mdzukulu wanga, ine ndikuona bwinobwino," afotokozereni kuti retina simva ululu, ndipo munthu wa shuga amayenera kuyezetsa maso kamodzi pa chaka ngakhale akuona bwino. Ayambire pa chipatala chimene amalandirira mankhwala kapena pa chipatala cha boma cha Salima, ndipo kukafunika adzawatumiza kwa akatswiri. Madokotala a maso amapezeka ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Nkhoma, ndi ku chipatala cha maso cha Lions ku Blantyre.

Akumbutseni kumwa mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi tsiku lililonse, chifukwa magazi othamanga kwambiri amafulumizitsa kuwonongeka kwa timitsempha. Mukamawapangira tiyi, funsani kaye za shuga musanathire. Musalole kuti wina adontheze m'maso mwawo madzi a zitsamba kapena mankhwala ogula pamsika, pakuti vutoli lili kuseri kwa diso kumene zodonthezazo sizifika, ndipo zimatha kuwotcha kutsogolo kwa diso. Akaona mdima wadzidzidzi kapena timizere takuda tambiri, apite ku chipatala tsiku lomwelo.

Inu eni ake, gonani m'neti usiku uliwonse, ndipo neti ya udzudzu isapite kunyanja kukagwira usipa. Thupi likatentha, uzani makolo msanga kuti mukayezetse malungo. Thamangani, sewerani mpira, idyani nsomba ndi masamba, ndipo zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zikhale za apo ndi apo.

Pa 14 Novembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matenda a shuga. Pemphani aphunzitsi anu kuti tsiku limenelo mujambule diso lalikulu pa bolodi, ndipo mmodzi wa inu afotokozere kalasi yonse kuzungulira kuja, kuyambira pa kamtsempha kotsekeka mpaka pa msilikali wokodwa. Poweruka aliyense apite kwawo ndi funso limodzi loti akafunse akuluakulu a pakhomo pake: ndani pano amadwala shuga, ndipo anayezetsa liti maso?